Mawu a Azakhali pa Lole ya Kachewere

Ulendo uwu sunali wanga poyamba. Amene ankagwira za mawu m'mafilimu a Mana Juliyeta, mkulu wanga, anali mnzawo wina wa kudera la Samora Machel muno mu Tete, koma anapeza ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize titatsala pang'ono kunyamuka. Mana analowa m'chipinda chathu ine ndikuwerenga, nandiveka zomvera za m'makutu, nati, "Inesi, iwe sulankhula, ndiye kuti umamva. Tiye ku Angónia." Shikola inali itatsekedwa, ndipo amayi anavomera chifukwa tinkapita ndi azakhali.

Filimuyo inali ya Azakhali Roza, mlongo wa bambo, amene amakagula kachewere ku Angónia n'kudzagulitsa kuno ku Tete. Malondawa anayamba ine ndisanabadwe. Mana ankafuna kuti anthu aone mmene kachewere amayendera kuchoka m'munda kufika pa msika, ndiponso amve mayi amene amamuyendetsayo, kenako filimuyo aitumize ku mpikisano wa mafilimu aafupi ku Maputo. Kamera inali yobwereka kwa bambo wina wojambula maukwati kudera la Francisco Manyanga, ndipo mwini wake ankaifuna Lolemba. Bambo athu nawo anali atanena kale kuti filimu iyi ndi yomaliza. Ziwiri zoyamba sizinapite patali, ndiye iyi ikapanda kutheka Mana akalowe ntchito yophika ku kantini ya ku mgodi imene mnzawo wa bambo anawasungira. Mana anavomera pamaso pa amayi. Choncho tinali ndi ulendo umodzi wokha, kupita Lachisanu, kubwerera Lamlungu.

Tinachoka kwathu ku Mateus Sansão Muthemba dzuwa lisanapse. Mana anaika kamera m'chikwama cha matewera kuti akuba asaiganizire. Ine ndinanyamula kabokosi kojambulira mawu ndi nsungwi yaitali imene kunsonga kwake tinamangako mikolofoni. Mikolofoniyo tinaiveka ubweya umene tinadula ku chidole changa chakale, kuti mphepo isamalowemo. Panalinso ina yaing'ono ngati nyemba, yopanika pa bulauzi, imene imatumiza mawu ku kabokosi kanga popanda waya.

Azakhali tinawapeza pokwerera shapa, timabasi tathu tija, ndipo poyamba tinawadutsa. Masiku onse amavala nsalu yofiirira ndi dothi la kachewere. Tsiku limenelo anavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi, nsalu yatsopano yosachapidwa, ndi nsapato zazitali kuchidendene.

"Azakhali, ukwati ndi wa yani?" anafunsa Mana.

"Si unati ndikaoneka ku Maputo? Ukufuna akati mlongo wa bambo ako amagona pa msika?"

Mana anayamba kufotokoza kuti filimu yamtunduwu imafuna munthu monga alili. Azakhali anayankha kuti monga alili ndi mommo, kungoti ife timawaona ali pa ntchito.

Shapa ya ku Ulongwe, tauni yaikulu ya ku Angónia, inaoneka yodzaza, injini ikulira, koma titangokhala pansi amuna ena amene anali m'mipando anatsika mmodzimmodzi. Anali oitanira, ongokhala kuti tikopeke. Tinadikira mpaka mthunzi wa shapa unathawira pansi pake. Wotolera ndalama anaona nsungwi yanga nati ilipire mpando wake. Azakhali anamutembenukira m'Chinyungwe, namufunsa ngati nsungwi ili ndi matako. Anthu anaseka, nsungwi inalowa mwaulere, inagona pansi pa mipando n'kutulukira pakati pa miyendo ya bambo wina wovala nsapato za ku mgodi. Bamboyo anandiyang'ana nati ngati ndikupita kukawedza ndalakwitsa shapa, nsomba zili kumbuyo kuno ku Zambezi. Ndinayang'ana pansi. Yankho labwino linandibwerera titadutsa kale Moatize, iye atatsika.

Tinawoloka mlatho, tinalowa m'fumbi lakuda la Moatize, malole a malasha akutipyola. Azakhali anafunda nsalu ina pamapewa kuti bulauzi isade. M'shapa munali mbuzi pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo nthawi iliyonse tikagunda dzenje inkalira ngati munthu.

Pa Mussacama, pamene msewu wa ku Angónia umapatukira, tinaima kudikira anthu ena. Azakhali anatigulira masawu ndi nkhuku yowotcha. Mana anati tiyambire pomwepo. Ndinapanika kamikolofoni pa bulauzi ya azakhali. Mana anawomba m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, monga amachitira kuti pambuyo pake adzathe kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi, nafunsa azakhali mmene anayambira malonda.

Azakhali anawongola msana, natsokomola, nayamba m'Chipwitikizi. Anathokoza akuluakulu onse, anati malonda akuyenda bwino, anati amayi agwire ntchito molimbika kuti dziko litukuke. Mana anawapempha alankhule Chinyanja cha kwathu. Anabwereza zomwezo m'Chinyanja, mawu ndi mawu, ngati akuwerenga chilengezo. Kamera itangozimitsidwa ananyambita mafuta a nkhuku ku zala n'kuyamba kutiuza za woyendetsa lole wina amene anathawa njuchi n'kusiya galimoto ikuyenda yokha. Tinaseka mpaka misozi. Mana anayatsanso kamera mwakachetechete, koma azakhali anaona kanyali kofiira, nawongolanso msana.

Kuchoka pamenepo msewu unayamba kukwera. Milambe inatha, mphepo inazizira, tinatseka mawindo. Foni ya Mana inalira n'kutilandira ku Malawi ngakhale sitinawoloke malire, chifukwa msewuwo umayenda m'mbali mwenimweni. Tinafika ku Ulongwe dzuwa likulowa, ine mano akugundana. Tinagona kwa Mai Nangozo, mnzawo wa azakhali pa malonda, amene anandibwereka juzi la mwamuna wawo lofika m'mawondo.

Loweruka tinakhala m'minda. Ndinajambula makasu, kachewere akugubudukira m'thumba, singano ikusoka mutu wa thumba, ngolo ya ng'ombe ikulira mateyala. Ndikavala zomvera zija dziko limayandikira, ndipo palibe amene amandilankhulitsa. Ndinaikonda ntchitoyo. Koma azakhali sanasinthe. Potsutsana mtengo ndi alimi, kamera ili kutali, ankathwa ngati mpeni. Ikayandikira ankathokoza akuluakulu.

Madzulo Mana anakhala pakhonde n'kuona zimene tinajambula. Anaona kawiri, kenako anatseka kamera. Anati zithunzi zilipo, zokongola, koma munthu mulibe, ndipo filimu yopanda munthu ndi kalendala. Anandigwira dzanja nati mawa ndisachotse zomvera m'makutu, ndipo ndikamva chilichonse chabwino ndidine batani lofiira, ndisadikire iwo.

Lamlungu tinakwera lole ya Bambo Amade, yodzaza matumba mpaka pamwamba. Azakhali masiku onse amakhala kutsogolo, koma Mana anawapempha akwere pamwamba ndi amayi anzawo. Anakwera ndi nsapato zawo zazitali, Mai Nangozo akuwakankha kumbuyo n'kumati akutumiza mkwatibwi ku Tete pamodzi ndi kachewere. Ndinawapanikanso kamikolofoni. Titatuluka m'tauni tinatenga mtsikana wina wobereka mwana. Anali wamkulu pang'ono kuposa ine. Anati mwanayo akutentha thupi masiku angapo ndipo amutumiza ku chipatala chachikulu ku Tete, koma ndalama ya shapa inamuperewera. Anakhala pakati pa matumba, mwana akulira mosalekeza.

Titapitirira popatukira ku Tsangano, lole inatsokomola, nthunzi inatuluka kutsogolo, tinaima. Paipi ya madzi inali itaphulika. Bambo Amade anaimanga ndi mphira, inaphulikanso. Anakwera pa chulu kufunafuna netiweki ya kwathu, foni ili m'mwamba, mpaka anapeza mng'ono wawo amene analonjeza kubweretsa paipi ina pa njinga yamoto kuchoka ku Mussacama. Atafunsidwa kuti afika liti, Bambo Amade anati Mulungu akalola, ndipo Mai Nangozo anati ndiye tisonkhe moto.

Tinadikira. Amayi anawotcha kachewere wa m'thumba lina limene linang'ambika, akukangana kuti ndi la yani, aliyense akukana kuti si lake. Nthawi ya pemphero itakwana Bambo Amade anasamba ndi madzi otsala m'chigubu, nayala kamkeka kuseri kwa lole. Shapa zinkadutsa zodzaza, osaima. Mana anapita kutsogolo kukajambula injini, akusunga batire lomaliza.

Kenako ndinazindikira kuti mwana uja wasiya kulira. Azakhali anazindikira ine ndisanatero. Anamugwira pamphumi, anamutsegula chikope, navula nsapato zawo n'kuzisiya pa thumba. Anapita pakati pa msewu osavala kanthu kumapazi, natambasula manja. Galimoto yoyamba inawazungulira ikuliza belu. Yachiwiri, yaing'ono yotsegula kumbuyo, inabwera mothamanga, ndipo azakhali sanasunthe. Inaima pafupi kwambiri moti fumbi linawakuta. Woyendetsayo anatsika akukalipa, koma azakhali anamulozera mwanayo nalankhula naye motsitsa, ndipo iye anatsegula chitseko cha kutsogolo. Ine ndinathamanga ndi kathumba ka mtsikanayo. Mtsikanayo anakwera ndi mwana wake, galimoto inapita.

Mana anatulukira kuseri kwa lole zonse zitatha. Anandifunsa ngati ndajambula. Ndinati manja anga anali ndi kathumba. Anakhala pa mwala, kamera ili pamiyendo, akuyang'ana msewu wa ku Moatize.

Azakhali anapita kukakhala pansi pa mtengo patali pang'ono, Mai Nangozo akuwatsatira. Ine ndinakhala mumthunzi wa lole n'kubweza zomvera m'makutu, monga ndinauzidwira. Pomwepo ndinamva kupuma kwa azakhali, pafupi ngati ndawagonera pachifuwa. Anali ataiwala kamikolofoni.

Mai Nangozo ankawakalipira kuti tsiku lina adzaphedwa ndi galimoto chifukwa cha ana a eni. Azakhali anati, "Nangozo, pa msewu uno ndinatayapo mwana." Mawuwo sanali a pa Mussacama aja. Anali otsika, osakonza. Anati iwo anali aang'ono ngati mtsikana uja, anakweranso lole ya kachewere kupita ku chipatala atabereka mwana wodwala, ndipo asanafike pa Mussacama anamva msana wawo, pamene panali potentha njira yonse, ukuyamba kuzizira.

Chala changa chinali pa batani lofiira. Ndinadziwa kuti ichi ndi chimene Mana anabwerera, ndipo ndinaona Mana ali pa mwala paja. Kunyumba kwathu palibe amene anandiuzapo kuti azakhali anali ndi mwana. Ndinaganiza za azakhali atakhala pakati pa anthu, akumva mawu awo akutuluka m'filimu, osadziwa kuti anatengedwa liti. Ndinachotsa chala. Ndinavula zomvera, ndinaimirira, ndinayenda kupita ku mtengo uja.

"Azakhali, kanthu kaja kakadali pa bulauzi. Ndakumvani."

Anayang'ana pachifuwa pawo, kenako ine. "Wamva mpaka pati?"

"Mpaka pamene msana unazizira."

"Zalowa m'bokosi mwakomo?"

"Ayi. Sindinadine."

Mai Nangozo anagwira pakamwa nati ana a masiku ano ali ndi makutu a mfiti. Mana anationa, nabwera. Atamva chimene chachitika anandikokera pambali, zala zawo zikundipweteka pamkono, nandifunsa motsitsa ngati ndikudziwa chimene ndataya, filimu yonse inali m'makutu mwanga ine n'kuisiya ipite. Sindinayambe ndawayankhapo Mana akakwiya. Ndinati, "Sankauza ife."

Mana anandisiya mkono. Azakhali anali atamva. Anakhala nthawi yaitali akusewera ndi kamikolofoni kaja pakati pa zala. Kenako anafunsa Mana ngati filimuyi ndi ya anthu a ku Maputo okha. Mana anati ayi, adzaionetsanso pa msika wathu, pa nsalu yoyera, ndi ku Ulongwe komwe. Azakhali anafunsa ngati oyendetsa magalimoto adzaonera nawo. Mana anati amene adzabwere adzaona.

"Ndiye ndinena," anatero azakhali. "Koma diso lakolo lisandiyang'ane. Liyang'ane msewu. Ine ndiuza Inesi."

Mana anaimika kamera pa thumba la kachewere, kuloza msewu wopanda kanthu. Ine ndinakhala pansi moyang'anana ndi azakhali, ndinagwira nsungwi pafupi ndi nsonga kuti mikolofoni yaikulu iwayandikire, ndinadina batani.

Anayambira pachiyambi. Anati masiku amenewo munthu akafera m'galimoto, woyendetsa ankatsitsa wamaliroyo panjira pomwepo, kapena ankafuna mtengo wonyamulira maliro umene iwo analibe. Choncho sanalire. Anapitiriza kumusisita mwanayo kumbuyo n'kumamung'ung'uzira ngati ali moyo, njira yonse ya Mussacama, Moatize, mpaka pa mlatho. Mayi wina wogulitsa kachewere amene anakhala pambali pawo anazindikira. Sanafunse kanthu. Anavula nsalu yake, nawafunditsa onse awiri, nanena mokweza kuti mwana wagona, wina asamudzutse. Analira atatsika ku Tete, mayiyo atawagwira. Ndi mayi yemweyo amene pambuyo pake anawatenga n'kuwaphunzitsa kusankha kachewere, kutsutsa mtengo, ndi kugona pa matumba osabedwa. Anati anthu amaganiza kuti anasankha malondawa chifukwa cha ndalama, koma iwo anangotsatira munthu amene anawafunditsa.

Mphuno yanga inkafuna kufwenthera, koma ndinadziwa kuti zilowa m'mikolofoni, ndiye ndinapumira pakamwa n'kusiya misozi itsike yokha. Mkono unauma, sindinausunthe.

Chakumapeto azakhali anati, "Mwanayo dzina lake anali," ndipo nthawi yomweyo lole ya fodya inadutsa ndi chiphokoso. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, koma m'makutu mwanga munali injini yokha. Azakhali anali atayamba kale kupukuta nkhope, kusonyeza kuti amaliza. Mana, amene anali patali, sanadziwe kuti chinachake chasowa. Ndinadikira mpaka phokoso litatha, ndinakweza dzanja.

"Azakhali, pepani. Bwerezani dzina, lole yaphimba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti ndalakwa. Kenako anaweramira ku mikolofoni ya ubweya wa chidole, nanena bwinobwino, "Luiza. Dzina lake anali Luiza."

Paipi inafika dzuwa litapendeka, ndipo inali yaifupi, moti Bambo Amade ndi mng'ono wawo anailumikiza ndi chidutswa cha yakale akutukwanizana mwaulemu. Tinanyamuka. Pa Mussacama sitinaime. Chakufupi ndi Moatize foni ya azakhali inalira. Anali woyendetsa galimoto yaing'ono uja, amene azakhali anamupatsa nambala, kunena kuti anasiya mtsikanayo ndi mwana wake pa chipatala ndipo mwanayo amulandira, wayambanso kulira. Mai Nangozo anati sanamvepo nkhani ya mwana wolira yokoma chotero. Mana anavala zomvera zanga pamwamba pa matumba, namvetsera kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, atagwira makutu ndi manja onse awiri chifukwa cha mphepo. Atamaliza anandibwezera, nandikonza kolala ya juzi la eni lija, limene ndinaiwala kubweza. Tinawoloka mlatho kutentha kwa Tete kutatilandira kale, azakhali nsapato zili m'manja.

Lolemba tinabweza kamera. Madzulo ake bambo atabwera ku ntchito anafunsa Mana kuti amuuze chiyani mnzawo wa ku kantini. Mana anawapempha akhale pansi, nawaveka zomvera. Azakhali anali atavomera kuti mlongo wawo amve poyamba. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini ndi amayi.

Bambo anamvetsera atatsamira, kenako anaweramira kutsogolo, zigongono pa mawondo. Sindinkamva kanthu, koma ndinkadziwa pamene afika poona nkhope yawo. Pamene lole ya fodya inadutsa anachita tsinya. Kenako anakweza mutu.

"Amene akuuza mlongo wanga kuti abwereze uyu ndani?"

"Mwana wanu," anatero amayi.

Bambo anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Anavula zomvera, nazigwira m'manja. Anati Luiza anamunyamulapo, anali wopepuka ngati nkhunda, ndipo chiyambire maliro aja sanamvepo munthu akutchula dzinalo. Kenako anapereka zomvera kwa Mana.

"Wa ku kantini uja ndimuuza apeze wina. Inu awiri malizani ntchito yanu."